Mcere, Phulusa ndi Manyowa m'Dimba la Matimati

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo mphepo ya June ikayamba kuomba, mabanja ambiri a m'maboma a Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi amatsikira ku madimba ao. Kumeneko mbeu imene imasunga nyumba kufikira mvula itagwanso ndiyo matimati. M'matimati ndimo mumacokera ndalama za cigayo, za sopo, za ana a sukulu ndi zogulira mbeu za dzinja. Koma matimati ndi mbeu yakudya kwambiri, ndipo si munthu ali yense angafikire mtengo wa thumba la feteleza. Cifukwa cace alimi saleka kufunafuna zinthu zina zosabvuta kupeza zimene zingadyetse mbeu zao.

Zina mwa zinthu zimenezi ndizo zotsala pa nchito yopanga mcere. M'maiko a m'mbali mwa nyanja zazikuru, monga India ndi Indonesia, akatswiri a malimidwe akhala akuyesa kuthira zotsalazi pa mbeu. M'Zambia momwemo muli malo amene anthu amaphika mcere natsala ndi milu ya phulusa ndi dothi. Tsono funso ndi ili: kodi zinthu zimenezi zingalowe m'malo mwa manyowa ndi feteleza? Yankho lace nlakuti iai. Zina mwa izo zimathandiza zikathiridwa pang'ono pamwamba pa manyowa, koma zikathiridwa mosayesa zimapha dimba, ndipo dimba limene lagwidwa mcere silicira msanga. Phunziro lino lifotokoza cimene ciri cothandiza, cimene ciri coopsa, ndi muyeso wa ciri conse.

Cimatsala nciani popanga mcere?

Mcere wambiri wa m'masitolo a m'Zambia umacokera kunja, makamaka ku Sua Pan m'dziko la Botswana ndi ku Walvis Bay m'dziko la Namibia. Ku Walvis Bay, monganso ku gombe la Mozambique ndi la Tanzania, amapatutsa madzi a m'nyanja nawalowetsa m'maiwe osaya kuti dzuwa ndi mphepo ziwaphwetse. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja iri ndi magalamu ngati 35 a micere ya mitundu mitundu, ndipo mwa amenewa ngati 27 ndiwo mcere wa m'ndiwo.

M'caka ca 1849 katswiri wina dzina lace Usiglio anaphwetsa madzi a m'nyanja ya Mediterranean pang'ono pang'ono, nalemba zimene zinali kugwa pansi. Anaona kuti micereyi siigwa nthawi imodzi. Madzi akaphwa kutsala gawo limodzi mwa magawo 5, pansi pamagwa mwala woyera wofewa wochedwa jipisamu. Akaphwa kutsala gawo limodzi mwa magawo 10, mcere wa m'ndiwo umayamba kugwa. Mcerewo ukakololedwa pamatsala madzi olemera, oterera m'manja ngati mafuta, ndi owawa koopsa pa lilime. M'madzi owawa amenewa muli maginiziamu wambiri, potashi, salufa, ndi mcere wa m'ndiwo umene sunagwe. Anthu a ku Japan amawachula nigari, ndipo amathira timadontho tace mu mkaka wa soya kuti ugwirane. Ku Dead Sea, kuyambira zaka za m'ma 1930, mafakitale akhala akupatula potashi m'madzi a mcere, ndi kumgulitsa m'matumba monga feteleza. Apa pali cinthu cofunika kucizindikira. Fakitale imayamba yalekanitsa cakudya ca mbeu ndi mcere woononga. Mlimi amene atunga madzi owawa osalekanitsa amatengera ku dimba zonse ziwiri pamodzi.

M'Zambia mulibe nyanja ya mcere, koma ku Kaputa kufupi ndi Mweru Wantipa, ku Kaimbwe m'boma la Kasempa ndi ku Chibwa m'boma la Mpika anthu akhala akuphika mcere kuyambira kale lomwe. Njira imodzi ndiyo kupala dothi la mcere, kulithira madzi, kusefa, ndi kuphika madziwo kufikira atauma. Ku Chibwa amatentha udzu womera m'dambo la mcere nasefa phulusa lace, monga momwe amai amacitira pokonza cidulo ca therere. Pa nchito zotere pamatsala phulusa la nkhuni zophikira, phulusa losefedwa, dothi losefedwa, ndi madzi a pansi pa ciwaya.

Cotero zotsala za mcere si cinthu cimodzi. Ziripo zinai: phulusa, jipisamu, madzi owawa ndi dothi losefedwa. Ciri conse ciri ndi khalidwe lace m'nthaka.

Cakudya cimene matimati afuna

Matimati afuna zakudya zazikuru 6. Naitrojeni amakuza tsinde ndi masamba. Fosiforasi amalimbitsa mizu ndi kuthandiza maluwa. Potashi amakuza zipatso ndi kuzipsetsa bwino, ndipo matimati amamtenga wambiri koposa cakudya cina ciri conse. Kashiamu amalimbitsa mnofu wa cipatso. Maginiziamu ndiye amasunga kubiriwira kwa tsamba, ndipo salufa amagwira nchito pamodzi ndi naitrojeni.

Feteleza wa Compound D ali ndi magawo 10 a naitrojeni, 20 a fosiforasi ndi 10 a potashi pa magawo 100 ali onse. Feteleza wa yureya ali ndi magawo 46 a naitrojeni. Koma m'zotsala zonse zinai za mcere mulibe naitrojeni, ndipo fosiforasi amapezeka pang'ono m'phulusa mokha. Mbeu imene yapatsidwa zotsalazi zokha iri ngati mwana amene apatsidwa mcere ndi cidulo koma osaona nsima. Manyowa ndiwo nsima ya dimba. Zotsala za mcere ziri ngati mcere wa m'ndiwo, umene umakometsa ukakhala wa pa nsonga za zala, koma ukacuruka ndiwo zonse zimatayidwa.

Cimene mcere umacita ku mizu

Mai ali yense adziwa kuti akathira mcere pa nyama kapena pa nsomba yaiwisi, madzi amatuluka. Mcere umakoka madzi. Momwemonso nthaka ikakhala ndi mcere wambiri, mizu imalephera kumwa ngakhale dothi liri lonyowa, ndipo mbeu imafota masana ngati siinathiriridwe. Kuonjezera apo, m'mcere wa m'ndiwo muli sodiamu, amene amaononga dothi la makande. Dothi lotere limaterera likanyowa, limauma gwa ngati njerwa, ndipo madzi samalowa pansi.

Akatswiri anayesa kale malire a matimati pa nkhani imeneyi. Madzi othirira amene ali ndi mcere wosapitirira galamu imodzi pa lita samacepetsa zokolola. Mcere ukafika magalamu 3 pa lita, pafupifupi theka la zokolola limatayika. Magalamu 3 pa lita ndiwo magalamu 60 m'cigubu ca malita 20, ndiko kunena dzanja limodzi lokha la mcere. Madzi owawa a ku maiwe a mcere ali ndi magalamu oposa 300 pa lita, kuwirikiza ka 100 muyeso umene umadula zokolola pakati. Mbeu zina za m'dimba nzofooka koposa matimati. Nyemba, anyezi ndi kabichi zimayamba kubvutika matimati asanaonetse kanthu. Cotero mlimi angapulumutse matimati ace caka cino koma nkudzataya anyezi caka ca mawa pa bedi lomwelo.

Nzoona kuti mcere wocepa umacititsa matimati kukhala otsekemera, ndipo ici ndico cimanyenga anthu ena. Koma kutsekemerako kumadza cifukwa cipatso sicinamwe madzi okwanira, cotero cimakhala cacing'ono. Wogula pa msika amayang'ana kukula kwa mulu ndi kudzaza kwa bokosi.

Madimba a m'dambo ndiwo ali pa ngozi koposa. M'dambo madzi ali pafupi, ndipo m'miyezi yotentha ya September ndi October amakwera kufika pamwamba, nauma, nasiya mcere wao pamene pali mizu. Mvula imatsuka mcere pokhapo pamene madzi ali ndi njira yotulukira. Pamene madzi amangoima, mcere wa caka cino umadikira wa caka ca mawa.

Manyowa ayambe ndiwo

Miyeso yonse m'phunziro lino yawerengedwa pa bedi limodzi la mita 1 m'lifupi ndi mamita 10 m'litali, limene limatenga mbande 20 zookedwa motalikirana masentimita 50.

Bedi lotere lifuna ndowa 3 za malita 20 za manyowa a m'khola la ng'ombe kapena la mbuzi, obvunda bwino. Ngati manyowa ndi a nkhuku, ndowa imodzi ndi theka ikwana, pakuti zitosi za nkhuku nzaukali ndipo nazonso ziri ndi micere yace. Manyowa asakanizidwe ndi dothi kuya kwa khasu limodzi, milungu iwiri mbande zisanaokedwe. Ndowe zaziwisi zisathiridwe pa matimati, cifukwa zimatentha mizu, zimabweretsa njere za udzu, ndiponso zimanyamula tizirombo todwalitsa anthu amene adzadya matimatiwo osaphika.

Amene alibe khola apange kompositi. Asankhe malo a mthunzi, nayale mapesi odula pansi kuti mpweya uzilowa. Pamwamba pace aike udzu wouma, makoko a nsawawa ndi masangwi a nyemba, kukhuthala kwace masentimita 20. Kenaka aike masamba aawisi, ndowe zimene angatole, ndi dothi pang'ono la pamwamba, nawaze madzi. Abwereze motero kufikira mulu utafika m'cifuwa, naufunditse ndi udzu. Ndodo yozika pakati pa mulu iyenera kutuluka yofunda ndi yonyowa patapita masiku ocepa. Ikatuluka yozizira ndi youma, mulu ufuna madzi. Mulu utembenuzidwe milungu itatu iri yonse, ndipo pa miyezi iwiri kapena itatu umasanduka wakuda, wofumbutuka, wonunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Wofuna kuoka matimati mu May ayenera kuyamba mulu wace mu February, pamene udzu ndi masamba ziri zambiri.

Nchito ya manyowa siithera pa kudyetsa mbeu. Manyowa amamasula makande kuti madzi azilowa pansi ndi kutsuka mcere. Amagwira cinyezi m'dothi la mcenga kuti mizu isamve ludzu pakati pa masiku othirira. Amagwiranso potashi, kashiamu ndi maginiziamu kuti asakokoloke. Ici ndico cifukwa cace cinthu ciri conse cocokera ku mcere ciyenera kupeza manyowa ali kale m'nthaka. Pa nthaka yoguga, yopanda manyowa, ukali wace wonse umagwera pa mizu.

Phulusa

Mwa zotsala zinai, phulusa ndilo liri pafupi ndi banja liri lonse, pakuti limapezeka pa mafuwa pomwe. M'phulusa la nkhuni muli laimu wambiri, potashi, ndi maginiziamu ndi fosiforasi pang'ono. Phulusa limene lasefedwa popanga cidulo kapena mcere lataya potashi wace wambiri, pakuti iye amasungunuka msanga m'madzi, koma laimu amatsalamo. Cotero siliyenera kutayidwa ku dzala.

Nchito yaikuru ya phulusa ndiyo kucepetsa asidi m'nthaka. Matimati amakonda nthaka ya asidi wocepa cabe, imene pa muyeso wa pH imakhala pakati pa 6 ndi 7. Kumpoto kwa Zambia, kumene mvula ndi yambiri, nthaka zambiri ziri ndi asidi wocuruka, ndipo ndico cifukwa cimodzi cimene phulusa la citemene limabereketsa mawere kumeneko. M'madera otentha a m'zigwa, monga cigwa ca Luangwa, muli nthaka zina zopanda asidi, zina mwa izo za mcere kale. Pa nthaka zotere phulusa limaonjezera bvuto.

Muyeso wace ndi citini cimodzi ca lita imodzi pa bedi lonse, kamodzi pa caka, losakaniza ndi dothi milungu iwiri kapena itatu mbande zisanaokedwe. Phulusa lisaunjikidwe pa tsinde la mbeu. Lisasakanizidwe ndi yureya, kapena ndi zitosi ndi ndowe zaziwisi, cifukwa limathamangitsa naitrojeni amene amauluka ngati pfungo la mkodzo. Phulusa la pamene panatenthedwa mapulasitiki, mabatire kapena matabwa opaka utoto lisalowe m'dimba. Ndipo phulusa la pa ng'anjo yophikira mcere, limene madzi a mcere anali kutayikirapo, liyambe lakhala pa mvula kapena litsukidwe ndi madzi.

Jipisamu

Jipisamu ndiye wofatsa koposa zonse. Pa magawo 100 ali ndi magawo ngati 23 a kashiamu ndi 18 a salufa, ndipo sasintha asidi wa m'nthaka monga limacitira phulusa. Alimi a nsawawa amamdziwa, pakuti ndiye amathiridwa pa nthawi ya maluwa kuti makoko asakhale opanda njere. Samacokera ku maiwe a mcere kokha. Amakumbidwanso pansi, ndipo m'Zambia amapezeka ku Lochinvar kufupi ndi Monze.

Pa matimati, kilogalamu imodzi ya jipisamu wopera ikwana bedi limodzi, yosakaniza ndi dothi pamodzi ndi manyowa. Jipisamu wopalidwa m'maiwe a mcere amabwera ndi mcere womatirira, cotero ayenera kutsukidwa ndi madzi abwino kufikira atasiya kumveka mcere pa lilime. Ubwino wace wina ngwakuti kashiamu wace amacotsa sodiamu amene wamatirira ku makande, kuti madzi amtsuke. Motero cinthu cimodzi cocokera ku maiwe a mcere ndico mankhwala a nthaka imene mcere waiononga.

Madzi owawa ndi dothi losefedwa

Madzi owawa ndiwo afuna kucenjera koposa. Phindu lace lenileni ndi maginiziamu, ndipo amathandiza pokhapo pamene nthaka isowa maginiziamu, monga pa mcenga woyera umene wakhala ukulimidwa zaka zambiri. Pamene maginiziamu alipo kale, kumuonjezera kumapinga mizu kutenga kashiamu ndi potashi.

Amene ali nao madzi owawa a ku nyanja ndipo afuna kuwayesa, asapitirire masupuni aakuru awiri, ndiwo mamililita 30, m'cigubu ca malita 20 ca madzi abwino. Muyeso umenewu umaika theka la galamu ya mcere pa lita, pansi pa malire amene achulidwa kale. Cigubu cimodzi cikwana mbande 20, lita imodzi pa phando. Athire pa dothi lonyowa kale, osati pa masamba, kamodzi pa milungu iwiri, kuyambira pamene maluwa ayamba, ndipo asapitirire kanai pa mbeu imodzi. Mbande za pa nazale ndi zongookedwa kumene zisalawe madzi amenewa konse. Ngati madzi a pa citsime ca dimba amamveka kale mcere pakumwa, kapena amasiya zoyera pa mphika, madzi owawa asathiridwe ngakhale dontho.

Madzi otsala pa ciwaya ca mcere wa kumtunda ndi nkhani ina. Mcere wa m'madambo ndi m'akasupe sufanana ndi wa m'nyanja, ndipo malo ali onse ali ndi msanganizo wace. Malo ena ali ndi soda wambiri, monga ku Sua Pan kumene soda amakololedwa pamodzi ndi mcere, ndipo soda amaononga makande koposa mcere wa m'ndiwo. Madzi otere asathiridwe m'dimba asanapimidwe ndi akatswiri. Mlangizi wa zaulimi angathandize kutumiza madzi kapena dothi ku malo a kafukufuku a boma, monga ku Mount Makulu ku Chilanga, ndipo alimi a kum'mawa angafunsenso ku Msekera kufupi ndi Chipata. Akuru anati safunsa anadya phula.

Mlimi adziwenso kuti maginiziamu angapezeke popanda sodiamu. Laimu wa dolomaiti ali naye, ndipo ngwoyenera pa nthaka ya asidi. Mcere wa Epsom nao ndi maginiziamu ndi salufa cabe. Magalamu 20 pa lita ya madzi, opopera pa masamba madzulo kawiri kapena katatu motalikirana milungu iwiri, amabwezera kubiriwira popanda kuika dimba pa ngozi.

Dothi losefedwa liribe cakudya ceniceni ca mbeu, ndipo kusefa sikucotsa mcere wonse. Pali njira yapafupi yoliyesera. Mlimi adzaze citini cimodzi coboola pansi ndi dothi limenelo, cina ndi dothi labwino la m'munda, nabzale nyemba 10 m'citini ciri conse, nazithirire mofanana. Nyemba sizipirira mcere. Ngati za m'dothi losefedwa zimera zocepa, mocedwa, kapena ndi masamba opserera m'mphepete, dothilo lisayandikire dimba. Njira yomweyi ingayese madzi a citsime catsopano kapena manyowa ogula kwa munthu wosadziwika.

Kuwerenga masamba ndi zipatso

Mbeu imanena yokha cimene cikuibvuta, koma mlimi ayenera kumva bwino. Masamba a pansi akasanduka acikasu pakati pa mitsempha, mitsemphayo nkukhala yobiriwira, ndiye kuti maginiziamu wacepa. Mbeu yonse ikakhala yotuwa, yoonda ndi yosakula, naitrojeni ndiye wacepa, ndipo mankhwala ace ndi manyowa kapena feteleza wobereketsa. Masamba akale akapserera m'mphepete ndipo zipatso zikamapsa mawangamawanga, kawirikawiri potashi wacepa.

Pamenepa ndipo pali msampha. Mcere wocuruka naonso umapsereza masamba m'mphepete. Mlimi wosazindikira amaganiza kuti mbeu yace iri ndi njala, naonjezera phulusa ndi madzi owawa, nkumalizitsa yekha mbeu imene anafuna kuipulumutsa. Kusiyana kwace nkwakuti pa nthaka ya mcere mbeu imafota dothi liri lonyowa, imakhala yaifupi ndi masamba aang'ono obiriwira moderapo, ndipo pamwamba pa bedi pamaoneka zoyera ngati ufa.

Bvuto lina lodziwika ndilo kuda kunsi kwa cipatso, kumene kunali duwa. Ambiri amayesa kuti ndi matenda napopera mankhwala pacabe. Cimene cimacitika ncakuti kashiamu sanafike ku nsonga ya cipatso pamene cinali kukula. Kashiamu amayenda ndi madzi, cotero kuthirira modukizadukiza, lero madzi ambiri kenaka masiku anai opanda kanthu, ndiko kumayambitsa bvutoli nthawi zambiri. Mcere, maginiziamu ndi potashi wopitirira muyeso zimalikulitsa. Mankhwala ace oyamba ndi kuthirira mofanana ndi kuphimbira bedi ndi udzu wouma. Jipisamu amathandiza pokhapo pamene nthaka isowadi kashiamu.

Mcere, phulusa ndi madzi owawa si mankhwala a tizirombo. Kambozi koboola masamba ndi zipatso kochedwa Tuta absoluta, kamene kanafika m'Zambia m'caka ca 2016, kamakhala m'kati mwa tsamba, kumene phulusa silifika. Za kambozi kameneka mlimi afunse mlangizi. Za nthenda yotupitsa mizu, asinthe malo a matimati caka ndi caka, osawabzala pamene panali impwa, tsabola, mbatatesi kapena fodya.

Kuyesa pa mabedi ocepa

Nthaka za m'madimba zimasiyana ngakhale m'dambo limodzi, cotero palibe muyeso umene ungalonjeze zokolola kwa munthu ali yense. Njira yanzeru ndiyo kuyesa. Mlimi apatule mabedi atatu oyandikana, nawathire manyowa ofanana, naoke mbande za mtundu umodzi tsiku limodzi, kaya ndi Tengeru, Rodade kapena mtundu wina umene amabzala. Bedi loyamba likhale la manyowa okha. Laciwiri alionjezere phulusa kapena jipisamu. Lacitatu alionjezere madzi owawa pa muyeso wochulidwa uja. Mabedi onse athiriridwe, apaliridwe ndi kumangiriridwa ku mitengo mofanana.

Pothyola, matimati a bedi liri lonse ayesedwe paokha ndi ndowa imodzimodzi, ndipo akuda kunsi awerengedwe padera. Mwana wa sukulu angathe kulemba ziwerengerozo m'kope. Pamapeto pace kopelo lidzanena zoona, pakuti maso okha amanyenga. Matimati akacotsedwa, mabedi atatuwo abzalidwe nyemba kapena anyezi, ndipo mbeu zimenezi zidzaulula ngati mcere watsalira m'nthaka. Bedi loyamba ndilo lofunika koposa, cifukwa popanda ilo munthu amatamanda madzi owawa pa nchito imene manyowa anagwira. Kuyesa kotere kumatenga caka cathunthu, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Cikalakwika, mlimi wataya bedi limodzi, dimba lonse liri bwino.

Dimba likagwidwa mcere

Ngati zoyera zaoneka kale pa mabedi, coyamba ndi kuleka kuthira phulusa, madzi owawa ndi zitosi za nkhuku. Zoyerazo zipalidwe ndi kutayidwa kutali, kumene mvula siingazibwezere m'dambo. Kenaka pakumbidwe ngalande yotulutsa madzi kunsi kwa dimba, ndipo mabedi akwezedwe. Pa makande amene ayamba kuterera ndi kuuma gwa, athirepo jipisamu makilogalamu 2 pa bedi pamodzi ndi kompositi yambiri mvula isanayambe, kuti madzi a dzinja atsuke sodiamu. M'cilimwe kuthirira kwambiri nthawi ndi nthawi, kofikitsa madzi pansi pa mizu, kumakankhira mcere pansi, pamene kuwaza pang'ono pang'ono pamwamba kumausiya pa mizu. Udzu wophimbira umacepetsa kuuma kwa pamwamba kumene kumakweza mcere. Nchito imeneyi ingatenge madzinja angapo, ndipo pa nthawi yonseyo banja limakolola zocepa.

Malo a dimba m'dambo ndi ocepa, ndipo m'midzi yambiri onse anagawidwa kale. Munthu amene waononga lace sangasamukire pena monga ankacitira makolo. Cifukwa cace dongosolo loyenera ndi ili: manyowa obvunda caka ndi caka, phulusa citini cimodzi pa bedi pamene nthaka iri ndi asidi, jipisamu wotsuka pamene kashiamu wacepa, ndipo madzi owawa pa bedi loyesera lokha, ndi supuni, mlangizi atafunsidwa. Amene afuna matimati a caka ca mawa ayambe tsopano kusonkhanitsa ndowe ndi kusunga phulusa lace pa malo osanyowa.